Ku Sevilla chisoni n'cha aliyense, koma phwando n'la oitanidwa

Kuno ku Nkhotakota dzina la dziko la Spain limamveka kwambiri Loweruka ndi Lamulungu madzulo m'nyumba zoonetsera mpira, ndipo anyamata ambiri a paboma pano angathe kukutchulirani osewera a Real Madrid ndi Barcelona osaphonya ndi mmodzi yemwe. Ena amadziwanso kuti kuli timu ya Sevilla, imene yatenga chikho cha Europa League maulendo 7, ndi inzake ya mumzinda womwewo yotchedwa Real Betis, ndiponso kuti otsatira matimu awiriwa samwerana madzi. Komatu mzinda wa Sevilla uli ndi zambiri zoposa mpira. Popeza masiku ano anthu akwathu, ansembe, masisitere, ophunzira ndi ogwira ntchito m'mabungwe, amapezeka ali ku Ulaya pa zifukwa zosiyanasiyana, ndaganiza zolemba zimene ndinaona kumeneko pamodzi ndi zimene ndinawerenga nditabwerako, kuti wina akadzapeza mwayi wopitako asadzangogwera pamwambo wa eni ake asakudziwa poima.

Sevilla ndi likulu la chigawo cha Andalucía, kummwera kwa Spain, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 700,000. Mzindawu unamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Guadalquivir, makilomita pafupifupi 80 kuchokera kunyanja ya Atlantic, koma mtsinjewo ndi wozama mokwanira kuti zombo zizifika mpaka mumzinda. Kuchokera ku Madrid, sitima yothamanga kwambiri yotchedwa AVE, imene inayamba kuyenda mu 1992, imatenga maola pafupifupi awiri ndi theka. Amene takulira kunyanja timadziyesa akatswiri opirira dzuwa la Okutobala, koma ndikulangizeni kuti musasankhe Julayi kapena Ogasiti, chifukwa m'miyezi imeneyo kumatentha kupyola madigiri 40, mpweya umakhala wouma, ndipo masana misewu imatsala yopanda anthu. Miyezi yabwino ndi Marichi, Epulo ndi Meyi, imenenso ndi miyezi ya zikondwerero ziwiri zimene ndikufuna kuzifotokoza kwambiri.

Munthu akangofika pakati pa mzinda, maso ake amayamba agwera pa nsanja yotchedwa Giralda, yotalika mamita pafupifupi 104. Ife a ku Nkhotakota, amene m'mawa uliwonse timamva kuitana kwa kumzikiti kenako belu la kutchalitchi, tingaimvetse nsanjayi msanga kuposa alendo ena ambiri. Asilamu analamulira Sevilla kuyambira mu 712 mpaka mu 1248, pamene mfumu yachikhristu Fernando III inalanda mzindawu, ndipo Giralda inamangidwa pakati pa 1184 ndi 1198 kuti ikhale nsanja yoitanira anthu ku swala pa mzikiti waukulu. Akhristu atasankha mu 1401 kugwetsa mzikitiwo n'kumangapo tchalitchi, nsanjayo sanaigwetse. Anaisiya monga inalili, ndipo mu 1568 anamaliza kuwonjezera pamwamba pake chipinda cha mabelu ndi chifanizo chamkuwa chimene chimatembenuka ndi mphepo. Choncho mukaiyang'ana kuchokera pansi mumaona njerwa zolukidwa mwa luso la Asilamu a kumpoto kwa Africa, ndipo mukakweza maso mumaona mabelu a Akatolika. M'kati mwake simukwera masitepe kufikira pafupi ndi pamwamba penipeni, koma mumayenda panjira zopendekeka 35 zozungulira khoma, zimene amati anazikonza choncho kuti woitanira swala azitha kukwera ali pahatchi. Ngakhale munthu wa mawondo ovuta angathe kufika pamwamba ngati akuyenda pang'onopang'ono. Bwalo la mitengo ya malalanje limene lili pambali pa tchalitchi ndi lotsalanso kuchokera ku mzikiti uja, ndipo m'pamene anthu ankasambira m'manja ndi m'mapazi asanalowe kukapemphera.

Tchalitchicho, chimene chinatha kumangidwa mu 1506, ndi chachikulu kuposa matchalitchi onse a kamangidwe kotchedwa Gothic padziko lapansi. Kunena zoona, kukula kwake kunandiziziritsa m'thupi koposa kundilimbikitsa kupemphera, chifukwa golide amene ali kuguwa lansembe ndi wochuluka moti munthu umayamba kudzifunsa kumene anachokera. Yankho lake lili m'tchalitchi momwemo, pamanda a Christopher Columbus, pamene ziboliboli zinayi zoimira maufumu a Castilla, León, Aragón ndi Navarra zanyamula bokosi lake pamapewa. Kuyambira mu 1503 mfumu ya Spain inalamula kuti malonda onse a ku maiko a America azidzera pa doko la Sevilla, ndipo kwa zaka zoposa 200, mpaka ofesi yoyang'anira malondawo itasamutsidwira ku Cádiz mu 1717, siliva ndi golide wa ku Mexico ndi Peru ankatsikira m'mphepete mwa Guadalquivir. Zombo zisanu za Ferdinand Magellan zinanyamukira pompano mu 1519, ndipo mu 1522 chinabwerako chimodzi chokha, Victoria, chili ndi amuna 18 amene anali oyamba kuzungulira dziko lonse. Makalata, mapu ndi mabuku a maakaunti a nthawi imeneyo akusungidwa m'nyumba yotchedwa Archivo de Indias, imene ili moyandikana ndi tchalitchi, ndipo kulowamo n'kwaulere.

Nyumba yachitatu pamalo omwewo ndi Real Alcázar, nyumba yachifumu imene mbali yake yokongola kwambiri inamangidwa ndi mfumu Pedro I cha m'ma 1364. Iyeyu anali Mkhristu koma analemba ntchito amisiri achisilamu, motero makoma ake ali ndi malemba achiarabu ndi matailosi a mitundumitundu. Banja lachifumu la Spain limagonabe m'zipinda zam'mwamba likabwera ku Sevilla. Bungwe la UNESCO linaika tchalitchi, Alcázar ndi Archivo de Indias pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1987. Matikiti a Alcázar ndi a tchalitchi muguliretu pa intaneti, apo ayi mudzataya theka la tsiku muli pamzere padzuwa. Plaza de España, bwalo lalikulu lopindika ngati uta limene mmisiri Aníbal González anakonzera chionetsero cha mu 1929, ndi lokongola ndithu ndipo n'koyenera kukajambulitsako, pamodzi ndi mabenchi ake 48 a matailosi oimira zigawo za Spain. Nsanja ya m'mbali mwa mtsinje ya Torre del Oro, ya cha m'ma 1220, mungangoiona podutsa. Chimango chamatabwa chooneka ngati bowa, Metropol Parasol, chimene anatsegula mu 2011, ine sichinandigwire mtima, ngakhale kuti pamwamba pake pamaoneka mzinda wonse.

Nyumba zonsezi mungazione mwezi uliwonse. Chimene simungachione nthawi ina iliyonse ndi Semana Santa, sabata loyera la masautso a Ambuye, kuyambira Lamulungu la kanjedza mpaka tsiku la Pasaka. M'masiku amenewa magulu a Akhristu eni ake pafupifupi 60, otchedwa hermandades kapena cofradías, amatuluka m'matchalitchi awo ndi mdipiti, kupita kutchalitchi chachikulu chija ndi kubwereranso, ndipo gulu lililonse lili ndi tsiku lake ndi ola lake. Magulu ochokera kutali amakhala mumsewu maola oposa 12. Amene amayendetsa zonsezi si ansembe ayi, koma anthu wamba, ogulitsa m'masitolo, madalaivala, aphunzitsi ndi maloya, amene ambiri analembetsedwa m'gululo ndi makolo awo adakali makanda, ndipo amasonkha ndalama chaka chonse.

Pakati pa mdipiti pamakhala paso, thandala lalikulu lokongoletsedwa ndi maluwa, makandulo ndi siliva, limene pamwamba pake pali chifanizo cha Yesu pa gawo lina la masautso ake, kapena cha Maria ali ndi misozi pansi pa denga lansalu. Kulemera kwake kumapyola tani imodzi, ndipo alibe matayala. Amene amanyamula ndi amuna 30, 40 kapena kuposerapo, otchedwa costaleros, amene amalowa pansi pake, obisika ndi nsalu yolendewera, n'kusenza mitanda yamatabwa pakhosi kumbuyo atakulunga chiguduli kumutu ngati nkhata. Iwo saona kumene akupita. Amangomvera mawu a kapitawo wovala suti yakuda amene amayenda kutsogolo. Ndinaima pafupi kwambiri pamphambano ina yopapatiza pamene paso ina inapumulira, moti ndinkaona mapazi okha pansi pa nsalu, atavala nsapato zansalu, ali mondondozana, ndipo ndinkamva kupuma kwawo kwa wefuwefu. Mnyamata wina anakweza nsalu pang'ono n'kuwapatsira madzi m'kapu yachitsulo. Kenako kapitawo anaitana wina wa kumbuyo ndi dzina, anayankhidwa kuchokera pansipo, n'kumenya kachitsulo kogogodera kamene kali kutsogolo kwa paso. Atamenya komaliza, chinthu chonse chija chinadumphira m'mwamba nthawi imodzi n'kugwera pamakosi pawo, makandulo onse akugwedezeka, ndipo khamu lonse linapumira pamodzi. Zitatero anayamba kuyenda mokhwekhwereza mapazi, motsatana ndi ng'oma, kotero kuti chifanizo chinkaoneka ngati chikuyenda chokha pamwamba pa mitu ya anthu.

Pali chinthu chimodzi chimene munthu wakuda ayenera kuchidziwiratu asanafike, kuti mtima usadzamudumphe. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa paso kumayenda anthu mazanamazana, m'magulu ena zikwi, otchedwa nazarenos, atavala mikanjo yaitali ndi zisoti zosongoka zophimba nkhope yonse kungosiya timabowo ta maso. Aliyense amene anaonapo zithunzi za gulu lodana ndi anthu akuda la Ku Klux Klan la ku America amadzidzimuka akawaona, makamaka ovala zoyera. Palibe ubale uliwonse pakati pa awiriwa. Chovalachi ndi cha munthu wolapa, amene amabisa nkhope kuti kulapa kwake kukhale kwa iye ndi Mulungu yekha, ndipo chinalipo ku Spain kalekale gulu la ku America lija lisanayambe mu 1865. Ena mwa iwo amayenda opanda nsapato, ena asenza mitanda, ndipo pansi pa zisotizo pali amuna, amayi ndi ana. Ana a m'mbali mwa msewu sawaopa n'komwe. Amawatambasulira manja kupempha maswiti ndi tizithunzi ta oyera, kapena kuwapempha kuti awadonthezere phula la kandulo pa kampira kamene amakakulitsa chaka ndi chaka.

Chinandikhudza kwambiri ndi gulu limene limatuluka Lachinayi loyera, lodziwika ndi dzina loti Los Negritos. Linayambika kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, pamene bishopu wamkulu Gonzalo de Mena anakhazikitsa malo osamalirako anthu akuda a mumzindawu, ndipo ndi limodzi mwa magulu akale kwambiri. Sevilla unali msika waukulu wa akapolo ochokera ku Africa, makamaka m'zaka za m'ma 1500, ndipo kwa zaka mazana gululi linali la anthu akuda okhaokha, akapolo ndi omasulidwa, amene ankasonkherana kuti aziikana m'manda mwaulemu. Lero mamembala ake ambiri ndi azungu. Munthu wochokera ku Nkhotakota, kumene Jumbe ankasonkhanitsira akapolo n'kuwaolotsa nyanja, ndiponso kumene mkuyu umene David Livingstone anakhalapo udakalipo, sangaonerere mdipiti umenewu ngati mlendo wamba wongojambula zithunzi.

Pachimake pa sabatali ndi usiku wa Lachinayi kuchezera Lachisanu, umene amautcha La Madrugá. Masana a Lachinayi amayi ambiri amavala zakuda ndi nsalu yoluka yakumutu yotchedwa mantilla, amuna masuti akuda, ndipo pakati pa usiku magulu 6 amayamba kutuluka: El Silencio, El Gran Poder, La Macarena, El Calvario, La Esperanza de Triana ndi Los Gitanos. Magulu amenewa sayenda mofanana. El Silencio ndi El Gran Poder amayenda mwakachetechete, ndipo chifanizo cha Yesu wa Gran Poder, chimene Juan de Mesa anasema mu 1620, chikamadutsa, khamu la anthu zikwizikwi limangoti zii, kumangomveka mapazi a onyamula. La Macarena ndi La Esperanza de Triana amabwera ndi malipenga ndi ng'oma, anthu akufuulira Maria kuti ndi wokongola ndi kumuwaza maluwa kuchokera m'makhonde am'mwamba. Nthawi zina mdipiti umaima chifukwa munthu mmodzi pakhonde wayamba kuimba saeta, nyimbo yodandaula yopanda choimbira chilichonse, ndipo aliyense amadikira mpaka amalize. Mpweya umakhala wodzaza ndi lubani ndi fungo la maluwa a malalanje, popeza mitengoyi imachita maluwa nyengo yomweyo.

Zonsezi n'zaulere. Mipando ya m'njira imene magulu onse amadutsamo, kuchokera pa La Campana kudzera mumsewu wa Sierpes mpaka kutchalitchi chachikulu, ndi yolipira ndipo eni ake amakhala ataitenga kale, koma misewu ina yonse ndi ya aliyense, ndipo kumeneko ndiye kokoma kuonera. Chimene eni ake amafuna kwa mlendo ndi ulemu basi. Musadutse kutsogolo kwa paso, musalankhulitse nazareno wa gulu lachete chifukwa sakuyankhani, ndipo anthu akati chete, inunso tsekani pakamwa ndi kubweza foni m'thumba. Chikwama muchisamale, pakuti pamene pali khamu akuba sasowa. Mudziwenso kuti mvula ikagwa gulu silituluka, chifukwa zifanizozo n'zamtengo ndipo n'zakale, ndiye mudzaona amuna akuluakulu akulira poyera pakhomo pa tchalitchi, chifukwa adikira chaka chathunthu.

Patapita masabata pafupifupi awiri chichitikireni Pasaka, mzinda womwewo umavula zakuda n'kuyamba Feria de Abril, imene chaka china imagwera mu Meyi Pasaka akachedwa. Inayamba mu 1847 ngati msika wa ziweto, ataiganiza makhansala awiri amene sanali n'komwe mbadwa za Andalucía, José María Ybarra wa ku Basque ndi Narciso Bonaplata wa ku Catalonia. Ogula ndi ogulitsa ankamanga misasa yoti azipumuliramo, ndipo m'kupita kwa nthawi kudya, kumwa ndi kuvina m'misasamo kunakula kuposa malonda a ng'ombe. Kuyambira mu 1973 chikondwererochi chimachitikira ku Los Remedios, kutsidya kwa mtsinje, kumene amamanga mudzi wonse wa matenti amizeremizere oposa 1,000, otchedwa casetas, m'misewu yothiridwa mchenga wachikasu imene ili ndi mayina a akatswiri olimbana ndi ng'ombe. Chimayamba usiku ndi chakudya cha nsomba zokazinga, ndipo 12 koloko ikakwana amayatsa nthawi imodzi magetsi onse a pachipata chachikulu, chimene amachimanga mwatsopano chaka chilichonse. Masana misewu imadzaza ndi mahatchi ndi ngolo, amuna atavala majekete aafupi ndi zipewa zathyathyathya, amayi atavala madiresi a madonthomadontho a mipendero yambiri ndi duwa pamutu. Usiku ndi wa gule wotchedwa sevillanas, amene amavina awiriawiri m'zigawo zinayi, ndipo aliyense, kuyambira mwana mpaka agogo, amamudziwa.

Apa m'pamene alendo ambiri amakhumudwa, ndipo mabuku okopa alendo sanena momveka. Kwathu kuno maliro saitanira, aliyense amangofika n'kukhala pansi, koma kumadyerero a ukwati wa m'tauni amafunsa khadi pakhomo, ndipo ku Sevilla zilinso chimodzimodzi. Matenti ambiri a Feria ndi a mabanja, a magulu a abwenzi, a makampani ndi a makalabu, amene amalipira chaka ndi chaka, ndipo pakhomo pamakhala mlonda. Ngati mulibe wokudziwani, mudzangoyenda mumsewu kumasuzumira anzanu akudya ndi kuvina. Alipo matenti ochepa olowa aliyense, a makhonsolo a madera a mzinda, a zipani zandale ndi a mabungwe a ogwira ntchito, koma amadzaza kwambiri. Mukakhala ndi mwayi woitanidwa, muvale bwino ngati mukupita kuukwati, musabwere ndi gulu la anzanu amene sanaitanidwe, ndipo musakhalitse mpaka eni ake atope nanu, chifukwa iwonso amakhala akuyendera matenti a anzawo. Chakumwa chake ndi rebujito, vinyo woyera wa manzanilla wosakaniza ndi chakumwa chozizilitsa kukhosi cha mandimu, chimene chimatsika ngati madzi koma chimagwetsa munthu asanazindikire. Amene samwa mowa sadzasowa chakumwa. Masiku omwewo kumakhala masewera olimbana ndi ng'ombe m'bwalo la La Maestranza, kumene ng'ombe imaphedwa anthu akuonerera. Ine sindinapiteko, ndipo ngakhale a ku Spain eni ake amagawanika pa nkhaniyi.

Sevillanas ndi gule wachisangalalo wa aliyense, ndipo musamusokoneze ndi flamenco yeniyeni, imene ndi kuimba kolemera kochokera pansi pa mtima, kotsagana ndi gitala, kuomba m'manja ndi kuponda pansi, kumene kunakulira kwambiri pakati pa anthu a mtundu wa Gitano. UNESCO inaivomereza mu 2010 kukhala chikhalidwe cha mtundu wonse wa anthu. Kuti muimve bwino, olokani mlatho kupita ku Triana, dera la amalinyero ndi oumba matailosi, mufunefune kanyumba kakang'ono m'malo mwa maholo aakulu amene amagulitsa chakudya ndi gule pamtengo umodzi.

Pa za kudya, konzekerani kusintha wotchi ya m'mimba. Nkhomaliro amadya cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, masitolo ang'onoang'ono ambiri amatseka mpaka cha m'ma 5, ndipo chakudya chamadzulo sichiyamba 9 koloko isanakwane. Amakonda kudya timbale ting'onoting'ono totchedwa tapas, ataimirira, akusuntha kuchoka pamalo ena kupita pena. Yesani sipinachi wophika ndi nandolo za garbanzo, nsomba zokazinga, ndi salmorejo, supu wozizira wa tomato ndi buledi. Abale athu achisilamu azifunsa asanadye, chifukwa nyama ya nkhumba imalowa m'zakudya zambiri, ngakhale pamwamba pa salmorejo amawazapo tizidutswa take. Malalanje amene ali mbwee m'misewu musatchole, ndi owawa, ndipo ntchito yake ndi kupangira jamu amene Angerezi amakonda.

Mukandifunsa kuti musankhe chiti mwa zikondwerero ziwirizi, ndinganene kuti wopanda mnzake mumzindamo asankhe Semana Santa, ndipo Feria aisiyire amene ali ndi womulowetsa m'tenti. Nyengo zonse ziwiri mitengo ya malo ogona imakwera kwambiri ndipo zipinda zimatha miyezi ingapo nthawi isanakwane, choncho ena amagona ku Córdoba, kumene sitima yothamanga imatenga nthawi yosakwana ola limodzi, ngakhale kuti wofuna kuchezera La Madrugá ayenera kukhala mumzinda momwemo. Mmalawi amafunika viza ya Schengen, ndipo popeza tsiku la Pasaka limasintha chaka ndi chaka pakati pa kumapeto kwa Marichi ndi kumapeto kwa Epulo, muyambe mwaona kalendala ya mpingo musanapemphe viza kapena kugula tikiti ya ndege.